Tinabweza Kakamira Kwawo ku Mpika

Ine ndimasema mitondo ndi ng'oma ku George komboni, ndipo imeneyo ndi ntchito ya munthu wokhala pansi. Maulendo sindiwakonda. Basi ikangodutsa Chazanga, msana wanga umayamba kudandaula. Koma pali ulendo umodzi umene ndimaunena chifuwa chili patsogolo, ndipo amene watopa nawo angotseka makutu, chifukwa sindidzasiya.

Zonse zinayamba ndi chipika. Alamu anga ba Chanda, alongo ake a mkazi wanga, amakhala kumudzi kuseri kwa Mpika, ndipo akapeza lole yobwera ku Lusaka amanditumizira zipika zosema. Chaka chimenecho, m'nyengo yotentha mvula isanagwe, anatumiza chimodzi cha mphako, chabwino kupangira ng'oma. Pambali pake panali chigamba cha dothi louma, pakati pa chigambacho pali kamng'alu kopyapyala. Nditakweza sompho kuti ndigumule dothilo, mkatimo munamveka kugogoda, go go go! Ndinataya sompho ndi kudumpha ngati ndaponda moto.

Mkazi wanga, bana Mwila, ndiye kuti amake Mwila m'Chibemba cha kwawo, anasiya zochapa nabwera. Anaunika pamng'alupo ndi nyali ya foni, kenako anagwira pakamwa.

"Bashi Mwila, musagumule! Ni lukoma iyi, yaikazi. Inazitsekela yeka mukati."

Lukoma ndi dzina la kwawo. Kwathu kum'mawa timati kakamira, msuweni wa nang'omba, koma iye sayenda pansi, amakhala m'mitengo italiitali ya m'mbali mwa mitsinje. Ndi wakuda kumsana, woyera kumimba, ali ndi chimlomo chachikulu chokhala ndi chipewa pamwamba. Ine ndinkangomudziwa pomuona akuuluka, koma bana Mwila anakulira pafupi ndi nkhalango yonyowa imene kwawo amati mushitu, ndiye anandiuza zonse. Wamkazi akafuna kuikira, amalowa m'mphako ndi kumata khomo ndi dothi, zitosi ndi zotsala za zipatso, kusiya kamng'alu kokha. Njoka silowa, nyani sapisa dzanja. Ali mmenemo amathothoka nthenga zam'mapiko ndi zakumchira, moti sangauluke. Wamwamuna ndiye amabwera ndi nkhuyu kukhosi, kumazilavula imodziimodzi ndi kumpatsira pamng'alupo, mpaka ana atakula.

Tinaunikanso. Mazira anali ataphwanyika pamene mtengo unagwa. Mwiniwake anali mkati, wopanda mapiko, maso ali tong'o, atayenda ulendo wonse wa pa lole osadya kanthu. Mtima unandiwawa, sindibisa. Ndinadula kachidutswa ka papaya ndi kukaika pamng'alu. Panapita nthawi, kenako nsonga ya mlomo inatuluka ndi kutenga.

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala mwamuna wa mbalame. Ndinacheka chipikacho kusiya chigawo cha mphako chokha, ndi kuchiimika m'nyumba pakona. M'mawa papaya, masana nthochi, ndipo ndinkapita mpaka ku Lilanda kumene ndinadziwa mkuyu wina kukatola nkhuyu. Bana Mwila anampatsa dzina loti ba Mainini, ndiye kuti mkazi wamng'ono. Ndikachedwa pang'ono ankati, "Endani, ba Mainini banu bali na njala." Vuto linali kulira kwake. Kakamira amalira ngati khanda lopsa mtima, ng'aaa, ng'aa, ng'a-ng'a-ng'a! Ana athu ndi akuluakulu, ndiye anthu a m'komboni anayamba kunong'onezana kuti m'nyumba ya wosema ng'oma mukulira khanda losaoneka. Ena anasiya kudzapempha mchere.

Mvula yoyamba itagwa, ndinaunika ndi kuona nthenga zatsopano zitamera, zonyezimira. Tsiku lotsatira ndinapeza tizidutswa ta dothi pansi. Ba Mainini anali atayamba kujompha khomo lawo.

"Bafuna kuchoka manje," anatero bana Mwila.

Kutulukira kuti? Ku George kuno mitengo ndi yowerengeka, malegeni ndiye ali m'thumba lililonse. Mbalame imeneyi ikanatera pa denga la malata, dzuwa silikanalowa isanalowe mumphika. Ndinati ayi, ndaidyetsa ndi manja anga, ikatulukira kwawo. Mkazi wanga anandiyang'ana, naseka, nayamba kulongedza chikwama. Nkhani inali imodzi basi: tifike ku mushitu khomo lisanagumuke.

Tinalawirira m'mamawa. Chipika ndinachikulunga m'saka, mbali ya mng'alu ndikusiya poyera, ndipo m'chitini ndinaikamo dothi lonyowa lomatira. Pa siteshoni ya mabasi kondakitala, mnyamata wamtali wa jekete lofiira, anafuna kuchiponya pansi pa basi pamodzi ndi matumba a simenti.

"Mudala, nkhuni sizikwela mukati. Ku buti!"

"Si nkhuni iyi, mwana wanga. Muli wamoyo umu."

"Nkhuku? Nkhuku ili na mtengo wake."

Tinakangana mpaka dalaivala anaomba hutala. Pomaliza tinagwirizana kuti ilipire ngati nkhuku koma ikhale pamiyendo panga ngati mwana. Ndinakhala kuwindo, bana Mwila pambali panga. Kutsidya kwa kanjira kunakhala mayi wina wonenepa, bana Mutale, amene anali atagula zovala ku Kamwala kukagulitsa ku Mpika. Anayang'ana saka langa, nayang'ana ine, nasuntha chikwama chake.

Mlaliki anapemphera kutsogolo, natsika, ife tinanyamuka. Chazanga inapita, minda ya ku Chisamba inapita, ba Mainini ali chete. Mwendo wanga unachita dzanzi koma ndinati zili bwino. Titayandikira Kabwe, basi inagunda chibumi cha pamsewu mwamphamvu, ndipo m'sakamo munatuluka mfuu.

Ng'aaa! Ng'aa! Ng'a-ng'a-ng'a!

Bana Mutale anaimirira, chitenje chikugwa.

"Mayo! Muli mwana mu saka! Ba dalaiva, imililani! Aba bantu baba mwana!"

Kunali chipwirikiti. Azimayi anakuwa, anyamata akumbuyo anabwera akukwinya malaya, basi inaima pambali pa msewu. Bana Mwila anayesa kulankhula m'Chibemba koma mawu awo anamira. Aliyense ankati, "Tsegulani! Tsegulani tione!" Wina anali atatulutsa kale chitsulo chomasulira matayala kuti aswe chipikacho.

Pamenepo ndinachita mantha, koma mkwiyo unaposa. Kutsegula kunali kutaya zonse. Mbalame ikanatuluka pawindo ndi kukathera m'minda ya chimanga kopanda mkuyu ngakhale umodzi. Ndinakumbatira chipika changa ndi kukuwa kuposa onse.

"Palibe amene atsegule pano! Mukufuna kuona? Khalani chete muone!"

Ndinavundukula saka kuti dothi ndi mng'alu zionekere. Ndinatenga nkhuyu imodzi m'thumba, ndi kuigwira pamng'alu ndi zala, monga ndinkachitira m'mawa uliwonse, ndi kugogoda pang'ono pa khungwa. Ndinati mumtima, mayi inu, musandichititse manyazi lero. Anthu anaunjikana, mitu ili pamwamba pa mitu. Kenako nsonga ya chimlomo chakuda inatuluka mwaulemu, inatenga nkhuyu ija, ndi kubwerera.

"Yaba!" anatero wina kumbuyo.

Mkulu wina wa chipewa, amene anati ndi wa ku Chinsali, anaseka mpaka kutsokomola. Anati ali mnyamata ankaona mbalame zimenezi zikudzaza mkuyu m'mawa, ndipo zikamauluka mapiko ake amamveka patali. Anati mitengo yambiri ya m'mushitu inabzalidwa ndi mbalamezi, chifukwa zimameza zipatso zathunthu ndi kukataya njere kutali. Anthu anabwerera m'mipando. Bana Mutale anakhala pansi akung'ung'udza kuti zinthu zina n'zosayenda nazo m'basi ya anthu opemphera, ndipo sanandiyang'anenso mpaka Kapiri.

Ku Kapiri Mposhi tinaima kuti anthu adye. Kondakitala uja anabwera, manja m'thumba, kudzasuzumira pamng'alu. Ndinamuchenjeza kuti asayime pamenepo. Kakamira ndi waukhondo, sadetsa m'nyumba mwake. Akafuna kudzithandiza amatembenuka, kulozetsa kumbuyo pamng'alu, ndi kuponyera kunja, ndipo saphonya. Mnyamatayo sanamve. Jekete lofiira lija linalandira mphatso yake pachifuwa penipeni, basi yonse inafa nacho chiseko. Iye anatukwana pang'ono, kenako anasekanso, nati, "Iyi nkhuku yanu, mudala, ni ya mwano."

Ine kuseka kwanga kunali kwapakamwa chabe. Titakhotera msewu wa kumpoto, ndinamva kugogoda kuja kukukulirakulira. Phokoso la ku Kabwe linali litawautsa mtima ba Mainini. Iwo ankajompha mkati, ine ndinkamata kunja ndi chala, tikupikisana choncho mpaka Mkushi. Dothi la m'chitini linatsala pang'ono pansi.

Titadutsa Mkushi, pamtunda wina pakati pa tchire, injini inatsokomola, kutsogolo kunatuluka nthunzi, basi inaima. Dalaivala anatsegula, nayang'ana, napukusa mutu. Paipi ya madzi inali itaphulika, ndipo ina inayenera kuchokera ku Serenje. Kondakitala anakwera lole yodutsa kukaitenga, ife tinatsikira pansi.

Kudikira kwa pamenepo sindidzakuiwala. Dzuwa la pakati pa mvula ndi mvula limaotcha ngati lakwiya. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inali yaifupi, mthunzi wake wongokwana mutu. Anthu anayala zitenje, ena anagona pa matumba, ena anayenda uku ndi uku kufunafuna netiweki, foni ili m'mwamba. Malole a mafuta opita ku Nakonde ankadutsa ndi kutipatsa mphepo yotentha. Mwana wina analira, mayi ake anamuyamwitsa, analiranso. Aliyense wobwera kuchokera kumpoto tinkamuyang'ana ngati ndiye kondakitala, koma ayi.

Ndinaika chipika pansi pa kamtengo. Papaya anali atasanduka phala m'pepala, akununkha mowa, ndipo nkhuyu zinali zitatha. Mkatimo munali ngati uvuni. Ba Mainini anali kupuma mlomo uli yasa, ndipo kutenthako kunawapatsa ukali. Anamenya khomo kamodzi, chidutswa chachikulu cha dothi chinagwa. Anamenyanso, china chinagwa. Ndinaona diso lonse, ndi khungu lofiirira lolizungulira, likundiyang'ana. Ndinapisa chala m'chitini ndi kupeza mouma.

Ndinatseka bowolo ndi chikhatho. Mlomo uja unandijompha pakati pa dzanja, ululu unafika mpaka m'chigongono, koma sindinachotse.

"Bana Mwila, dothi! Funani dothi!"

Anathamangira pa chulu chimene chinali patsidya pa ngalande, nabwera ndi zibuma m'chitenje. Koma dothi la pachulu louma ndi mwala, limafuna madzi, ndipo botolo lathu linali litatha kalekale. Madzi a m'chigubu cha dalaivala onse anali atathiridwa mu injini. Ndinayang'ana tchire lija, lopanda mtsinje, lopanda mkuyu, utsi wa makala ukufuka patali. Ndinati basi, ndalephera, ndipo misozi inali pafupi.

Mthunzi unagwa pa ine. Anali bana Mutale, botolo lili m'manja, muli madzi osafika theka.

"Choka apo, iwe mudala, uzapwanya kwanja. Leta dothi."

Anagwada pansi ndi thupi lawo lonselo, nathira madzi awo omaliza pa zibuma zija, nayamba kukanda ngati ufa wa zitumbuwa. Anatembenukira anthu ndi mawu awo aja a ku Kabwe.

"Imwe, muli chabe ndwii! Uyu ni muzimai munzathu, bana bake banafa, afuna kubwelela ku nyumba. Letani manzi!"

Anthu inu, ndinaona zimene sindinaziyembekeze. Mabotolo anayamba kubwera, lina lili ndi madzi a pansi penipeni, lina theka. Mnyamata amene anafuna kuswa chipika ndi chitsulo uja ndiye anaphwanya zibuma ndi chitsulo chomwecho. Mkulu wa ku Chinsali anavula chipewa ndi kumakupizira pamng'alu. Asungwana awiri a sukulu anagwira chitenje pamwamba kuti pakhale mthunzi. Ine ndinachotsa dzanja pang'onopang'ono, bana Mutale akumata m'mbali, ine ndikusalaza, mpaka bowo linabwerera kukhala kamng'alu. Pa ntchito yanga yonse ya manja sindinamatepo chinthu mosamala chotero.

Kunatsala njala. Mayi wina wa m'mudzi wapafupi anatulukira ndi beseni la masuku pamutu, atamva kuti basi yafa. Bana Mutale anagula mulu, nasankha lofewa, nalifinya kuchotsa njere, nandipatsa.

"Mupase ndiwe. Niwe mwamuna wake."

Ndinagwira pamng'alu ndi kugogoda. Tinadikira, tonse maso ali pamng'alupo. Mlomo unatuluka ndi kutenga. Anthu anaomba m'manja pakati pa tchire ngati timu yagoletsa, ndipo ba Mainini atadya masuku angapo anakhazika mtima pansi.

Kondakitala anabwera dzuwa litapendeka, paipi ili m'manja, ndipo funso lake loyamba linali lakuti, "Nkhuku yanga ikali moyo?" Tinagona ku Serenje m'basi momwemo, ndipo m'mawa tinapitiriza. Msewu wa ku Mpika unali ndi maenje ake, koma dalaivala ankawazemba mofatsa, ndipo akagunda limodzi ankakuwa kuti, "Pepani ba Mainini!" Dzina linali litafala basi yonse.

Ku Mpika tinasiyana. Bana Mutale anandipatsa masuku otsala m'kapepala, nati ndikafika ndiwaimbire, ndipo bana Mwila anasunga nambala yawo. Tinakwera kalole kopita kumudzi, pamwamba pa matumba a feteleza, chipika chili pamiyendo. Kumudzi ba Chanda atamva nkhani anagwira mutu. Anati dothi lija sanalione, mtengo anaugwetsa madzulo ndi kuudula mofulumira chifukwa lole inali kudikira. Anatinso kwa masiku ambiri pambuyo pake mbalame ina inkabwera pamalopo ndi kumalira.

Sitinakhale pansi ngakhale kumwa madzi. Anatitsogolera kudutsa m'dambo mpaka pamene mushitu unayambira. Kunja kunali dzuwa, mkatimo munali mdima wozizira, pansi ponyowa, mitengo yoongoka ngati mizati. Chitsa chija tinachipeza m'mphepete. Ba Chanda anakwera mtengo woyandikana nacho, tinakoka chipika ndi chingwe, nachimangirira pa mphanda. Dothi sindinaligumule. Khomo anamata yekha, ndinati atsegulenso yekha. Tinabwerera pambuyo ndi kukhala pa muzu.

Ba Mainini sanachedwe. Go, go, go, dothi la ku George, la ku Mkushi ndi lake lomwe linagwa pamodzi. Mutu unatuluka, kenako phewa limodzi, kenako thupi lonse. Anakhala pa nthambi, wamkulu kuposa mmene ndinkaganizira, mimba yoyera ili mbee. Anatambasula phiko limodzi, natambasula lina, nadzikung'untha. Kenako anakweza mutu ndi kulira kulira kuja kumene kunatidanitsa ndi komboni yonse. Muno munali mwake, ndipo kunamveka bwino.

Analiranso. Kutali mkati mwa mushitu kunayankha mawu ena, okulirapo.

Bana Mwila anandigwira mkono. Tinamva mapiko, fu fu fu, ndipo inatera pa nthambi yomweyo mbalame ina, chipewa cha pamlomo wake chachikulu kufika kunsonga. Wina anganene kuti inali yamphongo ina iliyonse. Anene, ine ndinalipo. Inasendera pafupi, inagwedeza khosi, nkhuyu inatulukira kunsonga kwa mlomo, ndipo inaipereka. Ba Mainini analandira monga ankalandirira kwa ine, osayang'ana n'komwe pansi pamene ndinakhala. Kenako anauluka onse awiri, wamwamuna patsogolo, ndi kulowa m'masamba.

Ndinapeza kuti ndaimirira, suku lili m'zala, nditalifinya kale, dzanja lotupa lija lili m'mwamba. Ndinamutenga wopanda mapiko, ndinamubweza akuuluka, ine wosema mitondo wa ku George.

"Bashi Mwila," anatero mkazi wanga akupukuta m'maso, "nchito yasila. Bene bake babwela."

Ndinayang'ana suku lija, ndinayang'ana iye, ndipo ndinalifikitsa pakamwa pake. Anandimenya padzanja, alongo ake akuseka, koma analandira.